Kabuleta ya thirakitala yakale yachita dzimbiri mkati, ndiitsuke ndi chani?

Funso lomwe lafika likuti: "Amisiri, ndatenga thirakitala yakale ya petulo, Ford 8N, yomwe yakhala chiimikire m'shedi zaka zoposa 10. Nditamasula kabuleta ndapeza mkati muli dzimbiri lofiira ndipo pansi pake pali ngati matope ouma. Anzanga ena akuti ndiiviike mu asidi wa batire, ena akuti ndingogula ina. Kodi ingatsukike n'kugwiranso ntchito?"

Achimwene, ingatsukike ndithu, ndipo musaitaye. Koma asidi wa batire uja musayese olo pang'ono, ndiyambe n'kunena zimenezo kaye chifukwa ndikudziwa kuti ndi amene amakhala pafupi ndipo munthu ukaona thovu likutuluka umaganiza kuti ntchito ikuyenda. Asidi ameneyu sasankha, amadya dzimbiri amadyanso chitsulo chabwinobwino, mazinga a masikuluwu amatha, pomwe pamakhala nido pamakumbika, nde pamapeto pake mumakhala ndi kabuleta yowala koma yodontha petulo mpaka kalekale. Kuwonjezera apo akakudontherani m'maso ndi nkhani ina.

Ford 8N anaipanga kuyambira 1947 mpaka 1952, ndipo kabuleta yake ndi Marvel-Schebler ya mtundu wa TSX, thupi lake ndi chitsulo cha kasiti (cast iron), nchifukwa chake mukuona dzimbiri lofiira. Ubwino wake ndi womwewo, kasiti ndi yokhuthala, imapirira, dzimbiri limatha kuoneka loopsa koma mukalichotsa mumapeza chitsulo chidakalipo chambiri. Komabe tengani maginito muyese mbali zonse ziwiri, yam'mwamba ndi yam'munsi, chifukwa thirakitala ya zaka zoposa 70 yadutsa m'manja mwa anthu ambiri ndipo wina akhoza kuti anasinthapo. Maginito akakakamira nde kuti ndi chitsulo, zonse zomwe ndinene apa zikukhudzani. Akapanda kukakamira nde kuti ndi aluminiyamu kapena zinki, zoterozo sizichita dzimbiri lofiira, zimachita phulusa loyera, ndipo zofiira zomwe mungazione mkatimo zachokera kuthanki. Kabuleta yotero musaiviike mu viniga usiku wonse, komanso musaiyandikize ku soda wa kositiki, amaidya n'kuisiya yakuda yofumbutuka.

Tsopano dzimbirilo labwera bwanji poti m'kabuleta mumakhala petulo osati madzi? Madzi ndi olemera kuposa petulo. Thanki ikakhala yatheka, mpweya wachinyezi umalowa, usiku kukazizira umachita mame m'makoma a thanki, timadontho timatsikira pansi, ndipo poti pa mathirakitala amenewa mulibe pampu ya mafuta, petulo amangotsetsereka yekha kuchokera kuthanki kupita kukabuleta yomwe ili m'munsi, madziwo amakathera pompo pansi pa mbale ya kabuleta n'kukhala. Petulo wosakaniza ndi ethanol amawonjezera vutoli chifukwa ethanol amakoka chinyezi. Zaka 10 madzi atakhala pa kasiti, mapeto ake ndi matope mwawaonawo, ndipo matopewo ndi zinthu ziwiri zosakanikirana, dzimbiri ndi phula la petulo wakale amene anauma. Izi muzisunge m'mutu chifukwa mankhwala ochotsa phula sachotsa dzimbiri, ndipo ochotsa dzimbiri sadutsa pa phula.

Pomasula ndi pomwe makabuleta ambiri amafera, osati potsuka. Jambulani ndi foni paliponse musanachotse kanthu. Manido awiri, timasikuluwu tansonga tosinthira kuchuluka kwa mafuta ndi mpweya, yaikulu ya mafuta ndi yaing'ono ya aidulo (injini ikamalira pang'onopang'ono thirakitala itaima), musanazichotse zimangeni pang'onopang'ono mpaka zingokhudza pansi uku mukuwerenga kuti mwazungulitsa kangati, mulembe penapake, kenako muzimasule. Osamangitsa, nsonga yake ndi ya bulasi yofewa, ikangochita mzere basi yawonongeka. Zonse za bulasi zituluke, majeti (timasikuluwu tokhala ndi kabowo koyezera mafuta), nozo yaitali yotulukira mafuta, mpando wa nido ya fuloti, fuloti yeniyeniyo yomwe imayandama m'mbale n'kutseka mafuta akadzaza, komanso venchuri, kapaipi kopanikiza mpweya komwe kamakhala pakhosi. Apa mufunika kudekha kwambiri chifukwa bulasi ikakhala mu kasiti ya dzimbiri zaka zambiri imagwirana ngati anaiwotcherera. Thirani mafuta omasulira aja olowerera m'mazinga, musiye tsiku lathunthu olo awiri, muzithirako nthawi ndi nthawi. Sikuludiraiva ikhale yodzadza mpata wonse wa jeti, m'lifupi ndi m'kukhuthala komwe, ngati mulibe yokwana bwino nolani ina pa girenda mpaka ikwane, ine ndili nazo zingapo zomwe ndinazinolera ntchito imeneyi yokha. Muikhazike, muimenye pang'ono ndi kahamala kumutu kuti dzimbiri la m'mazinga lisweke, kenako mukanikize mwamphamvu pansi uku mukupotoza. Mukamva kuti ikuterereka siyani pompo, musakakamize, chifukwa mpata ukangonyenyeka jetiyo ituluka ndi dirilo basi ndipo si aliyense angaibowole osaononga mazinga. Kutenthetsa thupi la kabuleta mozungulira jeti kumathandiza kwambiri, koma pokhapokha fuloti yatuluka, petulo yense wauma, ndipo muli panja.

Kapini ka fuloti kokankhani mosamala, timiyendo tomwe timakagwira tikathyoka palibe chokonza chophweka. Kambale ka thirotolo, kotsegula ndi kutseka njira yopita mu injini, kamamangidwa ndi timasikuluwu tiwiri tomwe nthawi zambiri anatiphwanya kunsonga dala kuti tisamasuke n'kulowa mu injini, nde palani kunsongako ndi fayilo kaye musanatimasule. Ikaninso chizindikiro kuti kambaleko kanayang'ana kuti, m'mphepete mwake anamusema mopendekeka, mukakatembenuza sikatseka bwino ndipo injini izingothamanga osafuna kutsika.

Mukatsala ndi zitsulo ziwiri za kasiti zokhazokha, yambani ndi phula. Viikani mu thina kapena mankhwala otsukira kabuleta, olo kuziphika m'madzi otentha a sopo wotsukira mafuta, kwechani ndi bulashi mpaka madzi azinyowetsa chitsulo paliponse osachita timibulu. Timibulu tikamaoneka nde kuti mafuta adakalipo ndipo pamenepo dzimbiri silichoka.

Za dzimbiri lenilenilo njira zabwino zilipo zingapo. Yophweka ndi viniga woyera, amene amakhala ndi asidi pafupifupi 5 peresenti. Mizani chitsulo chonse chibire, chikatsala china pamwamba pamachita mzere pomwe viniga analekezera. Tembenuzani kangapo kuti mpweya wotsekeredwa m'timabowo utuluke, apo ayi viniga salowa momwe mukumufunira. Pakatha maola 6 kapena 8 chotsani, kwechani, onani, bwezerani ngati pakufunika. Ine sindipitirira maola 24 pa kasiti, ndipo chifukwa chake n'choti kasiti ili ndi girafaiti yambiri mkati, asidi akakhalitsa amasungunula chitsulo n'kusiya girafaiti yokha pamwamba, nde pamaoneka bwinobwino koma mukakanda ndi chikhadabo pamafumbutuka ngati pensulo. Pamazinga zimenezi ndi tsoka. Asidi wa citric wa ufa amagwiranso chimodzimodzi koma mwachangu makamaka m'madzi ofunda, nde muzimuyang'anira pafupipafupi. Palinso mankhwala ogula ngati Evapo-Rust amene amagwira dzimbiri lokha osadya chitsulo kwenikweni, ngati mungawapeze ndi abwino kwa munthu amene akuchita izi koyamba chifukwa olo mutaiwala usiku wonse palibe choopsa.

Koma njira yomwe ine ndimaikonda pa kabuleta ya dzimbiri lambiri ngati yanuyi ndi ya magetsi. Mufunika ndowa ya pulasitiki, madzi, soda wochapira uja dzina lake sodium carbonate, chaja ya batire ya 12 volts, ndi zidutswa za chitsulo wamba zomwe simukuzifunanso. Supuni yaikulu imodzi ya soda pa malita 4 a madzi ndi yokwanira, kuchulutsa sikufulumizitsa kanthu. Ngati muli ndi soda wophikira yekha, muikeni mu uvuni wotentha madigiri 200 Celsius kwa ola limodzi amasanduka wochapirayo. Mchere musaike, umatulutsa mpweya wa klorini. Kabuleta muipachike ndi waya wachitsulo pakati pa ndowa, zidutswa zija muziike mozungulira m'mbali zolumikizidwa pamodzi, zisakhudzane ndi kabuleta. Waya wa negetivu, wakuda, upite ku kabuleta, wa pozitivu, wofiira, upite ku zidutswa. Apa samalani, 8N inabwera ndi magetsi a 6 volts okhala ndi pozitivu kuthupi la thirakitala, nde anthu ozolowera mathirakitala amenewa dzanja limangopita lokha kumanga wofiira pa chitsulo cha thirakitala. M'ndowa sizitero. Mukatembenuza mawaya kabuleta yanu ndi imene idyeke. Kapanira ka pozitivu kakhale kunja kwa madzi, kakamira kamatha. Mukayatsa pakatha mphindi zochepa muona timathovu tikukwera kuchokera pa kabuleta, ameneyo ndi hayidirojeni, amayaka, nde ndowayo ikhale panja kapena pamalo popita mphepo, osasuta pafupi, ndipo muzizimitsa chaja musanagwire mawaya. Zidutswa za stainless musagwiritse ntchito olo zimaoneka kuti zimakhalitsa, zimasiya poizoni wa chromium m'madzimo. Machaja amakono ena sayaka akapanda kumva batire, ngati yanu ndi yotero lumikizani batire la galimoto pakati.

Ubwino wa njirayi ndi woti siidya chitsulo chabwino, ingakhalemo tsiku lonse olo awiri. Kuipa kwake n'koti magetsi amagwira kwambiri mbali yomwe yayang'anizana ndi chidutswa, nde mkati mwa mbale muyenera kulendeweretsamo kachitsulo kena ka pozitivu kosakhudza makoma, ndipo m'timabowo tating'ono tija safikamo kwenikweni. Nchifukwa chake ine ndikachotsa m'ndowa ndimabwera ndi sirinji n'kupopera viniga m'timabowo, kusiya maola angapo, kenako kutsukuluza.

Chitsulo chikatuluka chimakhala chakuda bii, musadabwe, kwechani ndi bulashi ya waya wofewa pansi pa madzi zakudazo zichoke. Ngati munagwiritsa viniga kapena citric, viikani mphindi zingapo m'madzi a soda wophikira kuti asidi wotsala m'timabowo afe. Kenako changu, chifukwa kasiti yoyera ikangouma payokha imayamba kufiira mukuona ndi maso, mphindi 10 zokha. Tsukuluzani ndi madzi otentha kwambiri kuti chitsulocho chitenthe chiziuma chokha, pemererani ndi kompresa bowo lililonse, chiikeni potentha mpaka chinyezi chithe, mupopere kamafuta kopepuka paliponse.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa zonse ndanenazi ndi ntchito yomwe imaoneka, koma si imene imalizitsa injini. Dzimbiri la m'mbale ndi lonyansa koma thirakitala ikhoza kulira nalo. Chomwe chimaipha ndi kadzimbiri kochepa ngati kamchenga kokhala m'njira ya aidulo kapena m'timabowo ta m'mbali mwa nozo. Mkati mwa thupi la kabuleta anabowolamo tinjira tokhotakhota, tina timakumana pakona, ndipo pafupi ndi pomwe kambale ka thirotolo kamatsekera pali timabowo tating'onoting'ono totulukira mafuta a aidulo. Ndaonapo makabuleta ambiri owala ngati atsopano, opentedwa bwino, koma thirakitala ikungolira choko chili chokoka theka, mukachibweza imazima. Zikatero musafunsenso, kanjira kena n'kotseka. Nde tengani chitini cha mankhwala opopera chokhala ndi kapaipi, valani magalasi chifukwa amabwerera kumaso, popani bowo limodzi muone kuti atulukira kuti. Bowo lililonse liyenera kukhala ndi kotulukira kwake, ndipo mukatseka kumodzi ndi chala atulukire kwina. Ngati akungodontha m'malo mothamanga, njirayo sinayere, bwerezani viniga wa sirinji uja ndi mpweya, kuchokera mbali zonse ziwiri. Ntchito imeneyi ikhoza kukudyerani masana onse ndipo ndi masana omwe simudzanong'oneza nawo bondo.

Pa majeti a bulasi musalowetse waya wachitsulo, singano, kapena dirilo. Kukula kwa bowolo anakuyeza dala, mukalikulitsa pang'ono pokha injini iyamba kumwa petulo, utsi wakuda, mapulagi kuda, ndipo kubweza sikutheka. Gwiritsani kachingwe kamodzi ka kopa kochokera mu waya wa magetsi, kapena ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba, zofewa kuposa bulasi. Yang'anani jetiyo poyera, bowo lioneke lozungulira bwino lopanda ndevu.

Ena akuuzani kuti muipititse kopemerera mchenga. Kunja kwake mwina, mutatseka mabowo onse, koma mkati ayi. Kale ndinaperekapo kabuleta yotereyi kwa ena kuti aipemerere, inabwera yokongola kwambiri, ndinaitsuka kangapo n'kuimanga, koma milungu yotsatira inkangotseka jeti mobwerezabwereza chifukwa timchenga tinabisala m'makona a tinjira tija n'kumatuluka pang'onopang'ono injini ikamanjenjemera, ndipo mchenga umene wadutsa jeti umathera m'masilinda. Zinandipweteka mtima chifukwa inali thirakitala ya munthu amene amaidalira nthawi yolima. Kuyambira pamenepo mkati mwa kabuleta simulowa mchenga m'manja mwanga.

Mbale ikayera mupeza timaenje pansi pomwe dzimbiri linadya. Tisakudetseni nkhawa bola sitinaboole, thirani palafini muisiye papepala usiku muone ngati panyowe. Penti wamba mkati musapake, petulo amamufewetsa n'kumusupula, zidutswa zake n'kukatseka majeti omwe mwavutikira aja. Kunja pentani mmene mungafunire. Pomwe pamagona gasiketi ndi pofunika pakhale posalala, ikani sandipepa wosalala pa galasi, mukhuze nkhope ya mbaleyo mozungulira pang'ono mpaka pagwire paliponse.

Fuloti igwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva madzimadzi mkati nde yabooka. Kuti mutsimikize imizeni m'madzi otentha, mpweya wa mkati umafutukuka n'kutuluka ngati timathovu pomwe pabooka. Nido ya fuloti ndi mpando wake, magasiketi, ndi timasili ta pa shafiti gulani zatsopano, zimabwera pamodzi m'paketi yokonzera, yang'anani nambala ya TSX yomwe ili pa kabuleta yanu kuti mupeze yoyenera. Pomanga, mukazondotsa chivindikiro, mpata wa pakati pa gasiketi ndi fuloti pa makabuleta amenewa umakhala kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, ndipo mbali zonse ziwiri za fuloti zifanane, zisakhule khoma la mbale. Popinda kachitsulo ka fuloti musakanikizire pa nido.

Kugula ina kumabwera ngati thupi lasweka, ngati mazinga a mpando wa nido atheratu, kapena ngati shafiti ya thirotolo ikugwedera kwambiri m'bowo mwake, chifukwa pamenepo imayamwa mpweya wakuba ndipo aidulo sikhazikika olo mutatsuka bwanji. Ngakhale zimenezo mmisiri wodziwa leti, makina osemera zitsulo aja, amatha kuikamo mabushi. Ine kabuleta yoyambirira ndimailimbikira, zambiri zotengera zomwe ndazigwirapo majeti ake sakhala ofanana ndi akale.

Musamange kabuleta yoyerayo pa thanki yakuda, apo ayi sabata siitha muimasulanso. Dzimbiri lambiri lomwe munalipeza lija linatsika kuchokera kumtunda. Unikani m'thanki ndi tochi, osati machesi. Ngati muli makoko a dzimbiri, ichotseni, muikemo manati ambiri kapena katcheni ndi madzi a sopo, muikhutchumule mpaka manja atope, tsukuluzani, kenako viniga kapena njira ya magetsi yomwe ija, thankiyo n'kukhala ngati ndowa yake, ndipo muiumitse kwambiri. Moto kapena kuwotcherera pa thanki ya petulo ayi, olo itakhala zaka 10 yopanda kanthu. Pa 8N masefa a mafuta alipo atatu, wina pamwamba pa tapu mkati mwa thanki, wina pa kambale ka galasi kotsekera zinyalala, wachitatu wabisala m'kagongono komwe paipi imalowera mu kabuleta, ameneyu ndi amene ambiri samudziwa n'komwe. Onse ayere, paipi muipemerere kapena musinthe. Mukamanga zonse, masulani bauti yokhetsera pansi pa kabuleta, tsegulani tapu, petulo atuluke molunjika osaduka kwa mphindi ziwiri kapena zitatu m'botolo loonekera. Akayamba mwamphamvu kenako n'kumadontha nde kuti penapake patsekabe, kapena kabowo kopumira pa chivindikiro cha thanki katseka. Botololo mulisiye lidekhe muone ngati pansi pakhale madzi kapena zofiira.

Manido aja muwabwezere pa nambala munalemba ija, lizani injini itenthe kaye musanayambe kusintha. Nido yaikulu mukamaimasula mafuta amachuluka, koma ya aidulo pa Marvel-Schebler imeneyi imalamulira mpweya, nde mukamaimasula mafuta amachepa, musasokonezeke nazo. Sinthani pang'onopang'ono, kota ya kuzungulira, mudikire injini iyankhe. Milungu yoyamba muziyang'ana kambale ka galasi kaja tsiku lililonse, timadzimbiri totsalira tizibwerabe. Ndipo tsiku lomwe mudzaiimike kwa miyezi, tsekani tapu injini ikulira mpaka izime yokha, mumasule bauti yokhetsera ija madontho otsala atuluke, kenako muibwezere.